Injini ya Matola pa Galaja ya ku Nkhunga

Inu amene mumayenda pa msewu wa M5, pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa, mudaonapo galimoto ya matola ikuyenda utsi uli tolo kumbuyo. Ikafika pa chitunda imalira momvetsa chisoni, anthu n'kutsika kuti aikankhe. Tikaona zotere timati, "Injini yatha." Koma kodi chimene chimatha m'kati mwa injini n'chiyani? Chitsulo sichiola ngati nsomba. Nanga amisiri akamati aipanga ovaholo ndipo yabwerera mwakale, amakhala atachita chiyani?

Mayankho a mafunso ameneŵa ndidaŵapeza pa galaja ina kwathu kuno ku Nkhunga, m'dera la Mfumu Kanyenda. Ndikati galaja musaganize za nyumba ya malata ndi simenti ai. Ndi mtengo wa mango, tebulo la matabwa ndi bokosi la masipanala, basi. Eni ake ndi amisiri achikulire amene adagwirapo ntchito ya umakaniko ku minda ya nzimbe zaka zambiri. Pamenepo pamagwiranso ntchito mwana wa mlongo wanga, mnyamata amene sukulu adalekezera Sitandade 5. Kwa zaka zitatu adali sipanala boyi: kutsuka zitsulo, kupatsira masipanala, kugona kunsi kwa galimoto. Tsiku lina m'mwezi wa Julaye amisiri adamuuza kuti, "Injini iyi umanga ndiwe. Ine ndizingoyang'ana."

Galimoto yake idali Toyota Hilux yakale ya petulo, ya injini yotchedwa 22R. Eni ake ndi mayi ena amasiye amene amagula usipa ndi mpunga kunyanja kuno n'kukagulitsa ku Kasungu. Ndalama zokonzetsera adachita kukongola. Injiniyo ikadafanso, mayiwo akadatsala ndi ngongole opanda galimoto, ndipo mbiri ya mnyamatayo ikadaipa asanayambe n'komwe.

Zimene zili m'kati mwa injini

Tengani pampu ya njinga. Tsekani kukamwa kwake ndi chala, kenaka kankhani. Mpweya umapanikizika, umabweza dzanja lanu, ndipo pampuyo imafunda. Silinda ya injini ili ngati pampu imeneyi. Injini ya 22R ili ndi masilinda anayi m'chitsulo chachikulu chotchedwa buloko. M'silinda iliyonse muli pisitoni imene imakwera ndi kutsika. Pisitoni imavala maring'i atatu onga zibangili. Aŵiri apamwamba amatseka mpweya kuti usapulumukire pansi. Yachitatu imapala oyilo pa khoma la silinda kuti asakwere kumene kuli moto.

Pisitoni imalumikizidwa ku kirankishafuti ndi mkono wachitsulo. Apa ganizani za mwendo wanu pa pedulo ya njinga: bondo limangokwera ndi kutsika, koma gudumu likuzungulira. Pamwamba pa buloko pamakhala chivundikiro chotchedwa hedi. M'hedi muli mavalavu, amene ndi zitseko, ziŵiri pa silinda iliyonse: china choloŵera, china chotulukira. Mulinso pulagi yoyatsira moto.

Pisitoni ikamatsika koyamba, chitseko choloŵera chimatseguka, ndipo silinda imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo. Ikamakwera, zitseko zonse zimatsekeka, mpweyawo n'kupanikizidwa m'malo ochepa pafupifupi ka 9. Pisitoni ili pafupi kufika pamwamba, pulagi imathetheka, mpweya uja n'kuyaka mwamphamvu, ndipo pisitoni imakankhidwira pansi. Mphamvu yonse ya galimoto imachokera pa kutsika kumeneku. Ikamakweranso, chitseko chotulukira chimatseguka, utsi n'kupita ku ekizozi. Kukoka, kupanikiza, kuyaka, kutulutsa. Njira imeneyi adaikhazikitsa Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo magalimoto a petulo akuyendera yomweyo mpaka lero.

Masilinda anayiwo sayaka nthaŵi imodzi. Amalandizana ngati amayi osinja mu mtondo umodzi: imayamba 1, kenaka 3, kenaka 4, pomaliza 2. Galimoto ikamathamanga pa tala, kirankishafuti imazungulira mwina ka 3,000 pa mphindi imodzi. Ndiye kuti ka 50 pa sekondi, ndipo moto umayaka ka 100 pa sekondi m'masilinda anayiwo. Pisitoni ya 22R imayenda mamilimita 89 potsika ndi 89 pokwera. Pa mphindi imodzi imakhala itayenda mtunda woposa theka la kilomita, ikukhula khoma la silinda. Chimene chimaletsa zitsulo kudyana ndi oyilo yekha, wopyapyala kuposa pepala mukuŵerengali. Fumbi likaloŵa, kapena oyilo akatha mphamvu, zitsulo zimadyana, ndipo mipata imene idali yaing'ono imakula. Kutha kwa injini n'kumeneko.

Asanagwire sipanala

Mnyamata uja atangopatsidwa ntchito adathamangira bokosi la masipanala. Amisiri adamuletsa. "Iwe, dokotala amayamba wang'amba munthu asanamufunse pamene pakupweteka? Taliza injiniyo timve."

Utsi umanena zambiri. Utsi wakuda ndiye kuti petulo wachuluka kuposa mpweya. Utsi woyera wosaleka ngakhale injini itatentha, madzi a m'lediyeta n'kumachepa, ndiye kuti gasiketi ya hedi yapsa. Utsi wabuluu ndiye kuti injini ikuotcha oyilo. Wa galimoto ya mayi aja udali wabuluu.

Atatero adachotsa mapulagi onse n'kuika geji yoyezera mphamvu ya mpweya pa bowo la pulagi, wina akuliza sitata. Nambala ya silinda iliyonse adailemba pa katoni. Injini ikakhala yabwino, manambala anayiwo amakhala okwera ndiponso oyandikana. Apa onse adali otsika, ndipo silinda 3 ndiyo idatsikitsitsa. Tsono amisiri adathira supuni imodzi ya oyilo m'silindamo n'kuyezanso. Nambala idakwera. Oyilo adatseka mipata ya m'mbali mwa pisitoni kwa kanthaŵi, kusonyeza kuti mpweya umathaŵira ku maring'i. Nambala ikadapanda kukwera, akadakayikira mavalavu kapena gasiketi.

Gwero la matenda adalipeza atatsegula bokosi la sefa ya mpweya. Mudali mbee, mopanda kanthu. Dalaivala wina wakale, sefa itatsekeka ndi fumbi, adangoitaya, akuti injini izipuma bwino. Idapumadi, koma imapuma fumbi la m'misewu ya kunyanja.

Kumasula

Kumasula injini sikuvuta. Chovuta n'kukumbukira pamene chilichonse chidali. Mabawuti a hedi adaŵamasula injini itazizira, pang'onopang'ono, kuyambira kumapeto kupita pakati, chifukwa hedi ya 22R ndi ya aluminiyamu ndipo imapindika msanga. Mavalavu asanu ndi atatu adaŵabaya pa katoni, iliyonse pa bowo la nambala yake. Zivundikiro za mabering'i a kirankishafuti zili ndi manambala ndi mbali yoyang'ana kutsogolo. Mukazisinthanitsa, kirankishafuti siizungulira bwino, pakuti chilichonse adachisema ku fakitale chili pa malo ake.

Mdani wamkulu wa makaniko wa kunyanja ndi mchenga. Julaye ndi nyengo ya mwera, ndipo mphepo imauluza mchenga tsiku lonse. Kamchenga kamodzi kakakhala pa bering'i kamalemba mzere pa kirankishafuti ngati msomali pa galasi. N'chifukwa chake zitsulo adazitsuka ndi parafini n'kuzikulunga m'mapepala a pulasitiki, ndipo kumanga adakamangira m'chipinda cha amisiri, pansi atawaza madzi. Oyilo wakale adamusunga m'chigubu. Musamuthire pansi kapena mu mtsinje, anzanga. Amakathera m'nyanja momwe timadyamo.

Kadontho

Apa ndiye pagona nkhani. Yang'anani pa rula ya mwana wa sukulu. Timizere tating'onoting'ono tija ndi mamilimita. Tsono milimita imodzi muigaŵe magawo 100. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi magawo 7, ndipo polemba timati 0.07. Mpata wa oyilo pakati pa kirankishafuti ndi bering'i umafunika kukhala cha m'ma 0.03 mpaka 0.05. Ndi mpata wochepa kuposa tsitsi. Diso silingauone, chala sichingaumve. Umafunika chida chotchedwa maikromita, chimene amisiri aja amachisunga m'nsalu, ndipo sabwereketsa munthu.

Mnyamatayo adayendetsa chikhadabo m'silinda ndipo chidakodwa pa kamzere pamwamba. Pamenepo mpamene maring'i amalekezera, ndipo kunsi kwake khoma lidadyeka. Silinda imadyeka kwambiri chakumwamba, kumene kuli moto, ndipo imasiya kukhala yobulungira bwino. Kuika maring'i atsopano m'silinda yotere n'kutaya ndalama. Utsi umaleka milungu yoŵerengeka n'kuyambiranso. Mankhwala ake n'kukuza bowo pa makina, kaŵirikaŵiri ndi 0.50 kapena 1.00, n'kugula mapisitoni ndi maring'i okulirapo a muyeso womwewo. Kirankishafuti nayo ikakhala ndi mizere amaipala pa makina ndi 0.25 kapena 0.50. Ikapalidwa imaonda, choncho imafuna mabering'i onenepa kuti mpata ubwerere pa muyeso wake.

Ntchito ya makina imeneyi adaitumiza ku Lilongwe. Buloko idapita pamodzi ndi mapisitoni atsopano, chifukwa wa makina amayeza pisitoni kaye n'kuboola molingana nayo. Zitsulo zidabwera ndi kapepala: masilinda 0.50, kirankishafuti 0.25. Podikira, mnyamatayo adapera mavalavu pa mipando yake ndi phala lake lija lamchengamchenga, akuzunguza kamtengo m'manja ngati akupekesa moto, mpaka valavu iliyonse idakhala ndi mzere wotuŵa wosadukiza.

Tsono adamutuma kukagula mabering'i. Wa m'sitolo adati, "Ndi a 22R omwewo, tenga." Iye adatenga, adaika, adamanga. Atazunguza kirankishafuti ndi dzanja idangoti pee, kupepuka. Adakondwa. "Madala, taonani, ikuzungulira yokha!"

Amisiri sadaseke. Adamasula chivundikiro chimodzi n'kugoneka pa kirankishafuti kaulusi ka pulasitiki kotchedwa Plastigage. Kaulusi kameneka mukamanga chivundikiro kamaphwanyika n'kutambasuka, ndipo kutambasuka kwake mumakuyerekeza ndi mizere ya pa pepala lake kuti mudziŵe mpata. Atamanga n'kumasulanso, kaulusi kadali momwe kadaliri, kosakhudzidwa. Adatembenuza bering'i. "Taŵerenga apa." Kumbuyo kwake kudalembedwa zilembo zitatu: STD. Ameneŵa ndi mabering'i a kirankishafuti yosapalidwa. Mpata udali woposa 0.25, kukula kasanu kapena kuposa pa umene umafunika. Oyilo akadangothaŵira m'mbali, ndipo injiniyo ikadanoka mwina isanaoloke mlatho wa Bua.

Madzulo ake adabwera kwathu ndi kapepala kaja, nkhope ili ndwii. "Malume, 0.5 ndi 0.05 zikusiyana pati? Nambala yake ndi 5 yomweyo." Ine ndidamufunsa kuti, "Kwacha imodzi ili ndi matambala angati?" Adati 100. Ndidati milimita aiyese kwacha. Ndiye kuti 0.50 ndi matambala 50, theka la kwacha, ndipo 0.5 n'chimodzimodzi. Koma 0.05 ndi matambala 5 okha. Nambala ikasunthira kutali ndi kadontho malo amodzi, imachepa kakhumi. Masiku ano tambala siligula kanthu pa msika, koma pophunzitsa kadontho sindidapeze china choposa. Tidakhala pa mphasa mpaka nyali kutha mafuta, iye akutchula manambala a m'buku la injini, ine ndikumufunsa matambala ake. M'maŵa mwake adabweza mabering'i aja, ndipo a 0.25 adaŵaŵerenga yekha pa bokosi ndi pa chitsulo chomwe asanapereke ndalama.

Maring'i nawo adaŵayeza. Ring'i imaikidwa yokha m'silinda, n'kukankhidwa ndi pisitoni kuti ikhale moongoka. Pamene nsonga zake zimakumana pamayenera kutsala kampata, mwina 0.3, ndipo amakayeza ndi timasamba tachitsulo ta manambala totchedwa feeler gauge. Chitsulo chikatentha chimafutukuka. Kampata kakasoŵa, nsonga zimagundana, ring'i n'kuthyoka kapena kukanda silinda. Kakakula, mpweya umathaŵa.

Kumanga

Pomanga, chitsulo chilichonse choyenda amachipaka oyilo woyera. Mipata ya maring'i siikhala mbali imodzi. Amaimwaza kuzungulira pisitoni. Pisitoni ili ndi chizindikiro choloza kutsogolo kwa injini. Akamanga chivundikiro chimodzi amazunguza kirankishafuti, kuti ikalimba adziŵe pomwepo chimene chalimbitsa.

Amakaniko ambiri amamanga bawuti ndi mphamvu zao zonse, ena mpaka kuonjezera paipi ku sipanala. Kumeneko n'kulakwa. Bawuti iliyonse ya m'injini ili ndi muyeso wake, ndipo pali sipanala yake yotchedwa torque wrench, imene imati "tha" muyeso ukakwana. Hedi ya 22R ili ndi mabawuti 10, ndipo buku limati amangidwe pa 78 Nm. Amayambira pakati kupita kumapeto, mopingasa, maulendo atatu, kuonjezera pang'onopang'ono. Mukamanga mbali imodzi kotheratu, hedi imakhala mopendekera pa gasiketi, ndipo tsiku lina madzi adzakumana ndi moto.

Mavalavu amatsegulidwa ndi kamushafuti, imene imakokedwa ndi tcheni kuchokera ku kirankishafuti. Kirankishafuti ikazungulira kaŵiri, kamushafuti imazungulira kamodzi. Pa tcheni ndi pa magiya ake pali zizindikiro zofunika kukumana. Mukaphonya dzino limodzi injini imalira ndithu, koma yopanda mphamvu. Mnyamatayo adaŵerenga zizindikirozo katatu asanatseke. Adabwezeranso thermostat imene ena adaichotsa. Kunyanja kuno anthu amaichotsa poganiza kuti ndiyo imatenthetsa injini. Ntchito yake n'kuthandiza injini kufunda msanga ndi kukhala pa kutentha koyenera. Injini yoyenda yozizira imamwa petulo wambiri ndipo imadyeka msanga. Ikamaŵira, yang'anani lediyeta, lamba ndi pampu ya madzi.

Kutchuna

Injini idalira pa kuliza kwachitatu. Anyamata a kabaza amene adaima pa msewu adaomba m'manja. Amisiri adangoyang'ana nyali ya oyilo mpaka idazima, kenaka adati, "Kulira si kuchira. Tiyeni tiitchune."

Adayamba ndi mavalavu, injini itatentha. Pa 22R mpata wa valavu yoloŵera ndi 0.20, wa yotulukira ndi 0.30. Yotulukira imapatsidwa mpata waukulu chifukwa ndiyo imalandira moto ndipo imafutukuka kwambiri. Mpata ukachepa, valavu siitsekeka bwino ndipo imapsa. Ukakula, injini imachita phokoso ngati makina osokera. Mapulagi adaŵaika pa mpata wa 0.8.

Kenaka nthaŵi ya moto, imene amakaniko amati taiming'i. Petulo sayaka yense nthaŵi imodzi, choncho pulagi imathetheka pisitoni isanafike pamwamba penipeni. Moto ukachedwa, injini imafooka ndi kutentha. Ukafulumira kwambiri, pa chitunda mumamva kulira ngati timiyala m'chitini. Kulira kumeneko n'koopsa: kumaphwanya maring'i ndi kuboola pisitoni. Amisiri amatha kutchuna ndi khutu, koma mnyamatayo adamuuza kuti agwiritse ntchito nyali yake yophethira, n'kuona chizindikiro pa gudumu la kutsogolo kwa injini. "Khutu langa latenga zaka makumi atatu. Iwe yamba ndi nambala."

Pomaliza kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi ya petulo imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya. Mpweya ndi wopepuka, choncho lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 9,000. Ndiye kuti migolo 45 ya malita 200. Taganizani fumbi limene lili m'migolo 45 ya mpweya wa mu Okutobala, ndipo mudziŵa chifukwa chake sefa ya mpweya siyotaya. Kusakaniza kukakhala bwino, nsonga ya pulagi imaoneka ngati tiyi wamkaka. Ikada bii ndi mwaye, petulo wachuluka. Ikayera mbuu, petulo wachepa ndipo injini ikutentha mopitirira.

Pali zinthu ziŵiri za kwathu kuno zimene makaniko ayenera kudziŵa. Choyamba, petulo wa m'Malaŵi amasakanizidwa ndi ethanol. Fakitale ya shuga ya Dwangwa idayamba mu 1979, ndipo mu 1982 kampani ya Ethco idayamba kupanga ethanol pomwepa kuchokera ku molasesi, madzi akuda otsala popanga shuga. Ethanol amathandiza kuti petulo asaphulike nthaŵi isanakwane, koma amakoka chinyontho, ndiye galimoto yokhalitsa osayenda imafuna kutsukidwa kabuleta. Petulo wosakaniza ndi parafini, amene ena amagulitsa m'zigubu mafuta akasoŵa, amachita zosiyana: amabweretsa kulira kwa timiyala kuja. Chachiŵiri, nyanja yathu ili pa mamita pafupifupi 475 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Kasungu ali pa mamita oposa 1,000. Kumtunda mpweya ndi wopepukirapo, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a mphamvu yake pa mamita 100 alionse okwera. Galimoto ikafooka pang'ono kumtunda, si matenda ai. Magalimoto atsopano alibe kabuleta. Kompyuta ndiyo imayeza mpweya n'kupereka petulo, ndipo makaniko amaŵerenga matenda pa kamakina kolumikiza ku galimotoyo.

Za liŵiro

Mnyamata ndi mnyamata. Pa foni yake amaonera magalimoto a mpikisano, ndipo injini itayamba kuyenda bwino adabwera ndi maganizo ake. "Madala, tikadapala hedi, n'kukuza majeti a kabuleta, n'kudula sailensa, bwenzi galimoto iyi ikusiya minibasi zonse za ku Dwangwa."

Si zonse zimene adanena zili zabodza. Kupala hedi kumachepetsa malo oyakira moto, mpweya n'kupanikizika kwambiri, ndipo mphamvu imakwera pang'ono. Koma injini yotere imafuna petulo wosaphulika msanga, apo ai timiyala tija tayamba. Pa 22R kupala kwambiri kumatsitsanso kamushafuti, tcheni n'kukhwepa, taiming'i n'kusokonekera. Kukuza majeti popanda kuonjezera mpweya kumangobweretsa utsi wakuda, ndipo petulo wotsala amatsuka oyilo pa khoma la silinda. Kudula sailensa kumaonjezera phokoso, ndipo ambiri phokosolo amaliyesa mphamvu.

Amisiri a magalimoto a mpikisano amayamba ndi zomwe mnyamatayu adachita kale, koma mosamala koposa. Amayeza mapisitoni pa sikelo kuti alemere mofanana. Amasalaza njira za mpweya m'hedi. Amaika kamushafuti yotsegula mavalavu nthaŵi yaitali. Kamushafuti yotere imapatsa mphamvu injini ikamazungulira kwambiri, koma imaichotsera mphamvu yonyamukira ndi katundu. Ndiponso liŵiro limalipiridwa ndi moyo wa injini. Injini za Formula 1 za pakati pa 2009 ndi 2013 zinkazungulira mpaka ka 18,000 pa mphindi, koma dalaivala mmodzi ankaloledwa injini zisanu ndi zitatu pa chaka. Ku America kuli magalimoto otchedwa Top Fuel amene amathamanga mamita 305 m'masekondi osakwana anayi, ndipo injini yake imamasulidwa ikangothamanga kamodzi. Mayi a usipa sangamasule injini Loŵeruka lililonse.

Nkhani imene ine ndimaikonda ndi ya ku Kenya. Mu 1965 Joginder Singh ndi mbale wake Jaswant adapambana mpikisano wa East African Safari Rally, wodutsa m'matope ndi m'fumbi la Kenya, Uganda ndi Tanzania. Galimoto yao idali Volvo PV544 yakale, imene idathamangapo kale mu mpikisano womwewo chaka cham'mbuyo. Adaikonzanso okha, ndipo idasiya magalimoto atsopano a makampani akuluakulu. Mnyamatayo nditamuuza adafunsa kuti, "Ndiye adaipala hedi?" Amisiri adaseka mpaka kutsokomola. "Iwe ndi hedi! Galimoto ya mayiŵa mpikisano wake ndi umodzi: kukwera mapiri a ku Kasungu ndi matumba, n'kubwerako." Hedi idatsala momwe idaliri.

Ulendo woyamba

Injini yomangidwa kumene imafuna kuleredwa. Maring'i atsopano amayenera kuzoloŵerana ndi khoma la silinda. Amisiri adalangiza dalaivala, mayi aja akumva: makilomita 1,000 oyamba asadzaze katundu, asathamangitse, asaikakamize pa giya yaikulu pa chitunda, ndiponso asaisiye ikungolira pamalo amodzi nthaŵi yaitali. Akatero abwere adzasinthe oyilo ndi sefa yake, chifukwa oyilo woyamba amatenga tizitsulo tonse topalika, ndipo adzayezenso mavalavu. Mnyamatayo adamuuza kuti akafunse za maphunziro a TEVETA, bungwe la ntchito zamanja limene lidakhazikitsidwa mu 1999, kuti luso lake lidzakhale ndi pepala.

Pa ulendo woyamba wa ku Kasungu mnyamatayo adakwera nawo, atatenga masipanala, chigubu cha madzi ndi kope lake la manambala. Adatsika ndi M5 mpaka pa boma la Nkhotakota, n'kukhotera kumadzulo pa msewu wa M18 wodutsa m'nkhalango ya nyama. Akuti njira yonse sadalankhule ndi munthu, khutu lili ku injini, diso pa geji ya kutentha. Atafika adadikira injini kuti izizire, n'kusolola kandodo ka oyilo. Oyilo adali pa mzere womwe adamusiya. Adamasula pulagi ya silinda 3, n'kuikulunga m'pepala kuti akaonetse amisiri, m'malo mwake n'kuika ina.

Atabwerako madzulo a tsiku lotsatira, amisiri adaitembenuza pulagiyo pa kuŵala kwa nyali. Nsonga yake idali ya tiyi wamkaka. Adamubwezera osanena kanthu, n'kuloza pa tebulo. Padali injini ya boti imene asodzi a ku Ngala adabwera nayo masana. "Iyi ilibe mavalavu ngati ija, ndipo oyilo wake amathira m'petulo. Maŵa ubwere ndi kope lako."